Kulera mwana m'chipinda cha lendi: amayi ovutika a m'makomboni ozungulira Emmasdale

Emmasdale ndi dera la kumpoto kwa tawuni ya Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great North Road, lokhala ndi nyumba za mipanda, mashopu, magalaja, mizikiti ndi matchalitchi. Si kumayadi kwenikweni ngati ku Kabulonga kapena ku Woodlands, komanso si kukomboni. Koma makomboni ali pakhomo pake penipeni: ku Chaisa, Mandevu, Marrapodi, Garden ndi Matero munthu amafikako wapansi. M'mamawa, amayi ochokera m'madera amenewa amalowa mu Emmasdale kukachapa, kukolopa, kuphika ndi kulera ana a eni nyumba. Ena amangodutsa, ulendo wa ku Soweto Market kukaoda tomato ndi repu woti akagulitse pa kantemba. Ambiri ndi achichepere, ndipo kunyumba amakhala atasiya mwana.

Kwa nthawi yaitali umphawi wa ku Zambia unkaonedwa ngati nkhani ya kumudzi. Kafukufuku wa boma wa 2022 anasonyeza kuti zinthu zasintha. M'dziko lonse osauka anakwera kuchoka pa anthu 54.4 pa 100 alionse mu 2015 kufika pa 60, ndipo m'matawuni anakwera kuchoka pa 23.4 kufika pa 31.9. Umphawi wa m'tawuni uli ndi khalidwe lake. Kumudzi mayi amatha kuthyola chibwabwa kudimba ndi kutola nkhuni kuthengo, pomwe ku Chaisa chilichonse nchogula: madzi a pampopi wa onse, makala a pambaula, ndiwo, ngakhale pogona penipenipo. Mwezi ukatha, mwininyumba amagogoda, ndipo safunsa ngati mwana anadwala.

Kuyambira mu January 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pamwezi. Chaka chomwecho bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene limawerengetsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, linapeza kuti ku Lusaka mtengowo wapitirira K10,000. Chinalinso chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, ndipo thumba la ufa la makilogalamu 25 linadutsa K300. Banja lodalira malipiro amenewa silidziwa thumba. Limadziwa pamela, kapepala kaufa kokwana nsima imodzi, pamodzi ndi mafuta ophikira oyezera m'kabotolo ndi makala a m'kapulasitiki. Wogula pang'onopang'ono chonchi amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba lonse, choncho wosauka ndiye amadya ufa wodula kwambiri mumzinda.

Pa nthawi ya pakati, thandizo la boma limaoneka bwino. Zipatala zazing'ono za boma zinasiya kulipiritsa kumidzi mu 2006, ndipo m'matawuni mu 2012. Mayi wa kufupi ndi Emmasdale amayamba sikelo kwaulere, ndipo ali ndi zipatala za m'makomboni a Matero ndi Chipata, zimene zinakwezedwa kuti zizitha kuchita opaleshoni ndi kuchepetsa khamu la ku University Teaching Hospital. Kumeneko amayezedwa magazi, amalandira mankhwala owonjezera magazi, ndipo amene wapezeka ndi HIV amayamba mankhwala oteteza khanda. Izi nzabwino ndithu, ndipo zapulumutsa miyoyo yambiri.

Komabe kwaulereko kuli ndi chikwama chake. Tsiku lokachira likayandikira, mayi amayenera kukonzeratu zitenje zingapo, beseni kapena ndowa, pulasitiki yoyala, thonje, mankhwala ophera tizilombo, bulangeti ndi tizovala ta khanda, kuphatikizapo ndalama ya takisi ngati matenda ayamba usiku minibasi zitasiya kuyenda. Kwa wolandira malipiro a muofesi zimenezi ndi za tsiku limodzi m'tawuni. Mayi wa ganyu amazisonkhanitsa kwa miyezi, lero kachipewa pa salaula, sabata yamawa chitenje, nkumazibisa pansi pa matiresi kuti zisagwiritsidwe ntchito nthawi isanakwane. Amene chikwama sichinadzaze amachita manyazi kukaonekera pamaso pa anamwino ndi amayi anzake, ndipo manyazi amenewa amachedwetsa ena kunyamuka. Magulu a amayi a m'matchalitchi amene amasonkha zinthu zoterezi nkukapereka kwa oyembekezera amagwira pamene pali bala.

Vuto lalikulu limayamba mwana akabadwa. Lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mayi masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo amalandira malipiro onse ngati wagwira kwa bwana mmodzi zaka ziwiri. Lamuloli limathandiza wa muofesi ndi wa mufakitale. Wogulitsa tomato alibe bwana womupatsa tchuthi. Tsiku limene sanayale malonda ndi tsiku limene mphika sunapite pamoto. Wantchito wa m'nyumba amene analembedwa pakamwa chabe amadziwa kuti akachedwa kubwerera, pageti adzapeza mnzake atavala kale epuloni yake. Ndipo ndi eni nyumba ochepa amene amalola wantchito kubwera ndi khanda kumbuyo.

Mwanayo atsala ndi yani? Kumudzi funso limeneli silivuta, chifukwa agogo ndi azakhali ali pabwalo limodzi. M'chipinda cha lendi mulibe agogo. Khanda limasiyidwa kwa mayi wa khomo loyandikana, amene nayenso ali ndi ake, kapena kwa mchemwali wake wa zaka 9 amene tsiku limenelo sapita kusukulu. Nazale zolipira zilipo, koma mtengo wake umadya gawo lalikulu la malipiro, ndipo makalasi a mkombaphala a m'sukulu za boma ndi a ana okulirapo, osati makanda. Zotsatira zake zimaoneka pa khadi la kusikelo. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwana bere lokha kwa miyezi 6, koma mayi amene wachoka m'mawa nkubwera madzulo amayamba kumupatsa phala lamadzimadzi nthawi isanakwane. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Nzomvetsa chisoni kuti mayi amene amatha tsiku lonse akulera mwana wa ena mu Emmasdale amasowa womulerera wake ku Mandevu.

Dzinja limawonjezera lake. Madzi akasefukira m'makomboni, zimbudzi zokumba zimasakanikirana ndi zitsime zosaya. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, Lusaka ndiye atakhudzidwa kwambiri, ndipo bwalo la National Heroes Stadium, limene lili pamsewu womwewu wa Great North Road, linasanduka chipatala monga momwe zinalili mu 2018. Chifukwa cha mliriwu, sukulu sizinatsegulidwe mpaka pa 12 February 2024.

Thandizo la ndalama lochokera ku boma limadutsa m'ndondomeko ya Social Cash Transfer, imene inayamba ngati yoyesera ku Kalomo mu 2003 ndipo pofika 2024 inali ikufikira mabanja pafupifupi 1.3 miliyoni. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu, ndipo maina amasonkhanitsidwa mothandizidwa ndi makomiti a anthu odzipereka a m'deralo. Banja linkalandira K200 pamwezi, ndipo ndalamayi inakwezedwa kufika pa K400 chilala chitavuta. Olembedwa ndi mabanja osauka amene muli okalamba, olumala kwambiri, odwala matenda a mgonagona, ana odzilera okha, komanso amayi olera okha ana atatu kapena kuposerapo. Muyeso womalizawu ndi umene uli ndi mpata. Mtsikana wa zaka 19 amene ali ndi khanda limodzi, mwamuna atathawa, sakwana m'gulu lililonse. Banja la achinyamata awiri, mwamuna wokankha wilibala ndi mkazi wochapa zovala, nalonso silikwana. Nthawi imene mwana amafunikira chakudya chabwino koposa, kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, ndiyo imene makolo ake sakhala m'kaundula.

Atsikana otere si ochepa. Kafukufuku yemwe uja wa 2018 anapeza kuti 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi pakati kapena anali atabereka kale. Kuyambira 1997 mtsikana amaloledwa kubwerera kusukulu akachira, ndipo kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kusekondale. Khomo ndi lotseguka, koma wobwererayo amakumana ndi funso lomwe lija la wosunga mwana.

Bambo wa mwana naye lamulo silimusiya. Lamulo la ana la 2022 limakakamiza makolo onse awiri kusamala mwana, kaya anakwatirana kapena ayi, ndipo mayi akhoza kukasuma kukhoti kuti bamboyo azipereka chithandizo. Bungwe la National Legal Aid Clinic for Women limathandiza amayi osowa ndalama ya loya, apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit yoona za nkhanza za m'banja, ndipo nambala za 116 ndi 933 zimaimbidwa kwaulere. Chovuta nchakuti mwamuna wa ganyu alibe malipiro odziwika oti khoti lidule, ndipo akasamukira komboni ina amasowa ngati singano.

Chimene chimagwiriziza amayi ambiri tsiku ndi tsiku ndi amayi anzawo. Pa chilimba, gulu limasonkha ndalama yofanana nkupatsa mmodzi, kenako wina, mpaka onse alandire. Ndalama ya lendi kapena mpamba wa geni nthawi zambiri imachokera pamenepa. Mabanki a m'magulu, amene afala kwambiri m'makomboni, amabwereketsa mamembala pa chiwongoladzanja chogwirizana nkugawana phindu pakutha pa nyengo. Koma chilimba chimafuna munthu amene ali ndi kosonkha. Wopanda kalikonse amathera kwa akaloba, amene chiwongoladzanja chawo chimameza geni yonse. Matchalitchi ndi mizikiti amagawa chakudya ndi zovala, makamaka pa Khirisimasi ndi m'mwezi wa Ramadan. Zikafika poipitsitsa, pamene mayi wamwalira kapena khanda latayidwa, pali nyumba ngati House of Moses ku Chelstone, yokhazikitsidwa ndi bungwe la Christian Alliance for Children in Zambia, imene imasunga makanda kwa kanthawi pofunafuna achibale kapena banja lowatenga. Bungwe lomweli limathandizanso mabanja ena ndi mkaka ndi chakudya kuti mwana asachoke m'manja mwa abale ake, ndipo njira imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa kumulera kunyumba ya ana.

Thumba la chitukuko la Constituency Development Fund linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Mbali ina ya ndalamazi imapita ku magulu a amayi ndi achinyamata komanso ku maphunziro a ntchito zamanja monga kusoka ndi kuphika. Mayi woyamwitsa sangakhale m'kalasi ya telala tsiku lonse ngati palibe pomusiya mwana. Makomiti a m'mawodi amene amapereka maganizo a ntchito zoti zilipiridwe ndi thumba limeneli angachite bwino kuika pamndandanda malo otsika mtengo osungirako makanda pafupi ndi misika ya ku Chaisa, Mandevu ndi Matero, ndipo eni nyumba a mu Emmasdale angayambe ndi kufunsa wantchito wawo kuti mwana wake wamusiya ndi yani.