ASIKHI NDI LUPANGA LAO

Ku Sakubva, m'mzinda wa Mutare, kuli mabanja amene makolo ao anacokera ku Nyasaland. Kumudzi kwaoko, m'caka ca 1891, Bwana Harry Johnston anabweretsa asilikari a ku India, a ndebvu zazitali ndi nduwira kumutu. Amenewa ndiwo Asikhi. Kodi anthu a cipembedzo anayamba bwanji kunyamula zida?

Woyambitsa cipembedzoci, Guru Nanak, anabadwa m'caka ca 1469 m'dziko la Punjab. Iye sanagwire lupanga ai. Anaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, ndi kuti anthu onse ali olingana pamaso pace.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1606, pamene Mfumu Jahangir inalamula kuti mphunzitsi wacisanu, Guru Arjan, aphedwe ku Lahore. Mwana wace, Hargobind, polowa m'malo mwa atate wace anamanga malupanga awiri m'cuuno: lina la za mzimu, lina la za dziko. Tanthauzo lace linali lakuti wopemphera ayeneranso kucinjiriza ofoka.

Mazunzo sanathe. M'caka ca 1675 Guru Tegh Bahadur anadulidwa mutu ku Delhi cifukwa cokana kusiya cikhulupiriro cace. Tsono mwana wace, Gobind Singh, anasonkhanitsa anthu ku Anandpur m'caka ca 1699 nakhazikitsa gulu la Khalsa. Kuyambira pamenepo wolowa m'gululi abvala kalupanga kochedwa kirpan. Koma lamulo lace linali lolimba: lupanga lisololedwe pokhapokha njira zonse za mtendere zitalephereka.

Angerezi atagonjetsa Punjab m'caka ca 1849, anaona kulimba mtima kwa anthuwa nawalemba usilikari. Ndimo anafikira ku Nyasaland. Anamenyana ndi Makanjira kum'mawa kwa nyanja, kumene mtsogoleri wao, Captain Maguire, anafera m'caka comweco ca 1891. Analiponso pogonjetsa Mlozi ku Karonga m'caka ca 1895.

Apa mpamene pali mlandu wobvuta kuweruza. Malupanga amene anathandiza kuthetsa malonda a akapolo ndi omwewo anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi pa mafumu a dzikolo. Gobind Singh anapatsa anthu ace cida kuti akane nkhanza za mfumu. Ku Nyasaland zidzukulu zao zinacinyamula pomvera mfumu yacilendo. Ana a akapolo omasulidwa ndi ana a mafumu ogonjetsedwa sangagwirizane msanga pa mlanduwu.