“Ine” ndi “Ife” m'Nkhani Zopeka za Dziko la Nkhanza: Umboni wa m'Minda ya Tiyi

Nkhani zopeka zolosera dziko la nkhanza la m'tsogolo kaŵirikaŵiri zimamangidwa pa aloŵam'malo aŵiri, “ine” ndi “ife”. M'buku la Yevgeny Zamyatin lotchedwa We, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1924, anthu alibe maina koma manambala, ndipo wosimba nkhani ndi D-503. Mu Anthem (1938), Ayn Rand akuonetsa dziko lomwe liwu loti “ine” linafafanizidwiratu. Kwa olemba ameneŵa gulu ndilo ndende, ndipo munthu amapulumuka pamene waima payekha. Funso lathu nlakuti: kodi kagaŵidwe kameneka kangatithandize poŵerenga zolemba za kuno kwathu?

Tiyambe ndi mbiri ya mawu. Poyamba “thangata” linali liwu la chithandizo, monga mmene mbumba imathangatirana kumunda. Pa nthaŵi ya atsamunda, m'minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, liwulo linasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Chimodzimodzinso bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lokhazikitsidwa mu 1946, linkadziŵika ku Nyasaland ndi dzina loti Mthandizi. Tikuona apa kuti mawu a umodzi analandidwa ndi olamula, zaka zambiri George Orwell asanapeke Newspeak mu Nineteen Eighty-Four (1949).

Ku Southern Rhodesia komwe anthu ameneŵa ankapita, tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge m'zaka za m'ma 1920 pa munda wa New Year's Gift, ndipo pambuyo pake anafika ku Honde Valley, komwe kuli Aberfoyle. Othyola tiyi, ena ochokera ku Mozambique ena ku Nyasaland, ankagona m'makomboni, nayenda ndi chitupa. Pa nkhondo ya m'zaka za m'ma 1970, boma la Ian Smith linatsekera anthu a m'chigwa cha Honde m'midzi ya mpanda wa waya, yokhala ndi maola oloŵera ndi otulukira. Komabe m'makomboni a dzikolo, Amalaŵi anadzipangira okha magulu oikana m'manda, mipingo ndi madambwe a gule wamkulu.

Chicheŵa chimalekanitsa magulu aŵiriŵa ndi msintho wa aneni. “Kusonkhana” ndi “kuthandizana” ali ndi -an-, wosonyeza kuti onse ndi ochita. Mu “kusonkhanitsidwa” taonjezera msintho wochititsa ndi wochitidwa, ndipo mwini chochitikacho ndi wina wobisika kuseri kwa mneni. Chotero pali “ife” wosonkhana ndi “ife” wosonkhanitsidwa, ngakhale mloŵam'malo ali mmodzi.

Nchifukwa chake sitidabwa ndi Azotus the Kingdom (2015), buku la Shadreck Chikoti la Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Mmenemo anthu sasoŵa kanthu, koma aliyense amakhala yekha m'nyumba mwake. Chimene Rand ankachiyesa chipulumutso, Chikoti akuchiika pakati pa ndende. Paja akuluakulu anati kali kokha nkanyama, tili tiŵiri ntianthu.

Tsono poŵerenga nkhani zotere za m'chigawo chathu, kungofunsa ngati wolemba akukonda munthu kapena gulu nkosakwanira. Tifunse kuti wasonkhanitsa gululo ndani, ndiponso ngati wofuna kutulukamo angatuluke. Tikapanda kutero, tidzaŵerenga mudzi ndi komboni ngati chinthu chimodzi.