Kuukitsa chiphapha cha MGB m'garaja ya pakhomo

Kuno kwathu galimoto ikatha timaisiya kuseri kwa nyumba kuti nkhuku ziziikiramo mazira, apo ayi anyamata ogula zitsulo amaiduladula n'kukaiika pasikelo. Ku England kuli anthu omwe akaona chiphapha chotere mtima umadumpha. Amachigula, kuchikokera kunyumba, n'kutha zaka akulimbana nacho Loweruka ndi Lamulungu mpaka chidzayendenso pamsewu.

Ambiri mwa anthuwa si amakaniko. Ena ndi aphunzitsi, ena ogwira ntchito m'maofesi, enanso ndi madoda opuma pantchito omwe adaisirira galimotoyo ali anyamata koma m'thumba mudali mopanda kanthu. Ndipo galimoto imene ambiri amayambira ndi MGB.

MGB ndi kagalimoto kothamanga ka mipando iwiri, kofupika, ka denga lansalu lopinda. Kampani ya MG idayamba kuipanga mu 1962 m'tauni ya Abingdon, kufupi ndi Oxford, ndipo pomwe fakitaleyo inkatsekedwa mu Okutobala 1980 n'kuti zitatuluka zoposa 500,000. Zochuluka zidagulitsidwa ku America. Mu 1965 kudabwera ina ya denga lachitsulo yotchedwa MGB GT, yomwe kampani ya ku Italy ya Pininfarina idathandiza kujambula.

Injini yake ndi ya 1798cc, ya masilinda anayi, ndipo ndi yapachibale ndi injini zomwe zinkakhala mu Morris Oxford ndi Austin Cambridge, galimoto zomwe agogo athu ena akuzikumbukira. Ili yatsopano inkapitirira pang'ono makilomita 160 pa ola. Kunena zoona, Corolla ya lero ikhoza kuisiya m'fumbi, koma okonda MGB safuna liwiro. Amafuna kulira kwake ndi kamphepo kowomba kumutu.

Mdani ali m'munsi mwa zitseko

Munthu wogula koyamba amathamangira kutsegula boneti. Akamva injini ikulira bwino, penti ikuwala, amatulutsa ndalama. Apa m'pomwe ambiri amagwera m'mbuna.

Injini ya MGB si yoopsa. Ndi yachitsulo cholimba, ilibe kompyuta, ndipo munthu wodekha wokhala ndi buku lake akhoza kuimasula n'kuimanganso patebulo. Chomwe chimapha galimotoyi, n'kupheratu thumba la mwini wake, ndi dzimbiri.

Nkhani yake ili chonchi. Galimoto yomwe idatsogola, MGA, idali ndi chesesi payokha ngati mmene zilili lole ndi mapikiapu: bodi ikawola mumainyamula n'kuikonzera pambali, chesesi ili chilili. MGB ilibe chesesi yotero. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula injini, mateyala ndi anthu. Tsono poti yambiri ilibe denga lachitsulo, mphamvu yake yagona pa mitanda iwiri yodutsa m'munsi mwa zitseko, yomwe Angerezi amaitcha sill. Mtanda uliwonse ndi bokosi lalitali la malata angapo owotchereredwa pamodzi: lakunja lomwe mumaliona, lapakati loimirira, lam'kati ndi lapansi.

M'nyengo yozizira ku England amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Matope osakanizika ndi mchere uja amakakamira kuseri kwa mateyala, n'kumadya mtanda kuyambira m'kati ngati chiswe m'nsichi. Podzafika poti dzimbiri laonekera kunja, m'katimo mumakhala mutatha kalekale.

Ogulitsa achinyengo, omwe sasowa dziko lililonse, amangomata pobowokapo ndi phala lomatira bodi lija, kupala bwinobwino n'kupopera penti. Ena amaphimba mtanda wowola ndi lata latsopano pamwamba pake. N'chifukwa chake odziwa amapita kokagula atatenga maginito, tochi ndi sikuludiraiva. Maginito amamata pachitsulo koma paphala amagwa. Amakweza kapeti, kugogoda pansi, ndi kusuzumira kuseri kwa mateyala. Amayang'ananso mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi. Ngati mpatawo sukufanana kumwamba ndi kumunsi, kapena chitseko chayamba kuvuta kutseguka galimoto ikakwezedwa pajeke, ndiye kuti msana wake wayamba kupindika.

Kusintha mtanda si ntchito ya tsiku limodzi. Mathero ake adabisika kuseri kwa malata ophimba mateyala, choncho lakutsogolo limayenera kumasulidwa, lakumbuyo kudulidwa m'munsi. Musanadule kanthu mumayamba mwawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko, apo ayi galimoto imakhota pakati ndipo chitseko sichidzatsekekanso bwino mpaka kale. Mumakonza mbali imodzi kaye, inayo ikhale yoonera. Timadontho tonse tomwe adawotcherera kufakitale mumatiboola kamodzikamodzi ndi dirilo, ndipo musanawotcherere lata latsopano mumalipana kaye, kubwezeretsa chitseko n'kuona ngati mipata yafanana.

Kuwotchererako nakonso n'kwina. Makina omwe timawotcherera mafelemu a zitseko ndi mabagalabazi pamsika amangoboola malata opyapyala a galimoto. Anzathuwa amagwiritsa ntchito makina otchedwa MIG, a waya ndi gasi, ndipo amawotcherera kadontho apa, kena patali, kudikira kuti pazizire, poopa kuti lata lingapindike ndi kutentha. Wanzeru amayamba waphunzirira pa zidutswa zotaya kwa masabata angapo.

Bodi ikawoleratu, mwayi wina ulipo. Kuyambira mu 1988 kampani ya British Motor Heritage, yomwe ili ku Witney m'chigawo cha Oxfordshire, yakhala ikupanga mabodi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zinkaumbira malata ake kale. Mwini galimoto amangosamutsira injini, giyabokosi ndi zina zonse mu bodi yatsopanoyo. Si yotchipa, koma ena amawerengera miyezi yowotcherera n'kuona kuti bola yomweyo.

Kuphwasula n'kokoma

Nyengo yosangalatsa kwambiri pantchitoyi ndi yoyambirira. Kumasula sikuvuta, ndipo pakangotha masabata ochepa galimoto yonse imakhala ili m'makatoni. Vuto limadza pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, munthu atagwira kabauti m'manja osakumbukira komwe kadachokera. N'chifukwa chake m'magazini ndi pa intaneti simusowa malonda a MGB yomwe mwini wake adaiphwasula n'kulephera kuimaliza, ikugulitsidwa pamtengo wolira.

Omwe amamaliza ndi aja otopetsa kuwaonerera. Asanamasule chinthu amachijambula ndi foni, mabauti ake amawaika m'kajumbo kawokawo n'kulembapo dzina, ndipo waya aliyense amamumata kapepala.

Banja nalo limalawa nawo. Garaja za nyumba zambiri ku England ndi zazing'ono, zongokwana galimoto imodzi. Ikaphwasulidwa imasefukira: mipando kuchipinda cha alendo, magalasi pansi pa bedi, galimoto yoyendera banja n'kumagona panja pamvula. Ndalama nazo zimatuluka mwakachetechete, lero kalabala, mawa kabauti. Okonda galimotozi amavomereza okha kuti kawirikawiri ndalama zokonzera MGB yowola zimaposa mtengo womwe ingagulitsidwe ikatha. Amene akuyamba ntchitoyi ngati bizinesi akudzinamiza, ndipo amene akuiyamba osakambirana ndi mnzake wa m'nyumba akuputa mlandu wa kwa ankhoswe.

Pali zina zomwe sizifuna chibwana. Jeke ndi wokwezera basi, munthu salowa pansi pa galimoto isadakhale pa zitsulo zochirikizira, ndipo njerwa sizilowa m'malo mwake chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Thanki ya petulo imachotsedwa n'kuikidwa kutali musanayatse moto uliwonse, ngakhale ikhale yopanda kanthu, pakuti mpweya wotsalamo ndiwo umaphulika. Phula lakale lopaka kunsi kwa bodi limayaka mukamawotcherera mbali inayo. Fumbi la mabuleki akale likhoza kukhala ndi asibesitosi, yemwe amawononga mapapo, choncho salipemerera ndi pakamwa. Penti wina wamakono wosakaniza ndi mankhwala oumitsa ndi poizoni kumupuma, ndipo ambiri gawo limeneli amalisiyira akatswiri.

Masipanala a mainchesi

Makaniko wozolowera galimoto za ku Japan akhoza kudabwa atagwira MGB. Mabauti ake ndi a mainchesi, osati mamilimita. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa bauti ya theka la inchesi, koma imakhala ndi kampata, ndipo bauti yadzimbiri ikakana, mutu wake umangosalala.

Zamagetsi zake ndi za kampani ya Lucas, yomwe eni galimoto za ku Britain amaiseka kuti ndi mfumu ya mdima. Chipongwechi n'chopyola muyeso. Nthawi zambiri vuto limakhala polumikizira podetsedwa kapena waya wopita kubodi wosagwira bwino. Mawayawo ali ndi chinenero chawo: wabulauni ali ndi moto nthawi zonse, woyera amalandira moto mukatembenuza kiyi, wobiriwira ndi wa moto wa kiyi womwewo koma wodzera pafyuzi, wofiira ndi wa nyali zazing'ono, wabuluu wa nyali zazikulu, wakuda ndi wopita kubodi. Mukafuna batire musavutike kusaka kuboneti, ili kuseri kwa mipando. Zopangidwa isanafike 1974 zidali ndi mabatire awiri a mavoti 6.

Chaka chomwecho cha 1974, malamulo a ku America adakakamiza MG kusintha mabampala onyezimira n'kuika akuda a labala, komanso kukweza galimoto pang'ono. Mpaka lero za mabampala akuda zimatsika mtengo, ndipo m'makalabu monga MG Car Club, yomwe idayamba mu 1930, ndi MG Owners' Club ya mu 1973, mkangano sutha pa nkhani yoti n'koyenera kapena ayi kuzivula n'kuziveka onyezimira.

Petulo nayenso adasintha. Injinizi zidapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, yemwe ankateteza pokhala mavavu. Ku Britain adaleka kumugulitsa mu 2000, choncho pokonza injini ambiri amaikiratu timphete tolimba pokhala mavavu otulutsa utsi. Kuyambira mu 2021 petulo wamba wa kumeneko amatha kukhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 aliwonse, yemwe amadya mapaipi akale a labala. Ife kuno tidayamba kusakaniza ethanol wa ku Dwangwa mu petulo mu 1982, ndiye amene ali ndi galimoto yakale pakhomo aonenso mapaipi ake.

Lamulo la ku Britain limalola galimoto yoposa zaka 40 kusalipira msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira mu 2018 siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka ngati sidasinthidwe kwambiri. MGB iliyonse idadutsa kale msinkhu umenewu. Komabe munthu amene wamanga yekha mabuleki amachita bwino kupita nayo kuti maso ena aione, makamaka poti MGB zoyambirira zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki: paipi imodzi ikaphulika, mateyala onse anayi amasiya kugwira.

Tsiku loliza injini likafika, odziwa sathamangira. Amachotsa mapulagi, kuzungulitsa injini ndi sitata mpaka muvi wa oyilo utakwera, kenaka n'kubwezeretsa mapulagi. Ikalira amatenga kapaipi, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa makabuleta awiri a SU, kumvetsera mpaka onse azikoka mpweya mofanana.

Isanatuluke pageti pamatsala kantchito kamodzi. Amalowetsa kapaipi m'timabowo ta mitanda ija n'kupoperamo phula lamadzimadzi kuti chinyezi chisakhudzenso chitsulo. Pansi amayala makatoni, chifukwa phulalo limadontha masiku angapo.