Wachikulire Akayenda Yekha Kunja kwa Dziko

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi, muli akuluakulu ambiri amene mitima yawo ili kutsidya kwa malire. Wina ali ndi mwana amene adapita ku Johannesburg kalekale, ndipo zidzukulu zake amangozimva mawu pa lamya. Wina ali ndi mbale wake amene adachona ku Zimbabwe, ndipo akufuna kukaona manda ake iye mwini asanatsikire kuli chete. Winanso amalakalaka kukaponda ku Zanzibar, chisumbu chimene mbiri ya Chisilamu ku Nkhotakota imachitchula kaŵirikaŵiri. Onseŵa akufanana pa zinthu ziŵiri: ndalama zawo n'zochepa, ndipo alibe wowaperekeza, chifukwa thumba limene likuvutika kulipirira munthu mmodzi silingalipirire aŵiri. Kodi munthu wa zaka 60 kapena 70 angathe kuyenda yekha ulendo wotere? Angathe ndithu, malinga atadziŵa pamene ayenera kuumira ndi pamene kuumira kungamuphetse.

Kuyenda si kwachilendo kwa anthu a ku Nkhotakota. Cha m'ma 1840 Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika padookoli, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya, kumene njira ya ku Kilwa inkayambira. Malonda oipawo atatha, amuna adayamba kupita kumwera kukafuna ntchito. Ena ankatengedwa ndi Mthandizi kupita ku minda ya ku Southern Rhodesia, ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku South Africa, ndipo ena ankayenda pawokha, amene ankatchedwa a selefu. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalaŵi 74, ndipo boma lidaletsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kenaka idatheratu mu 1988.

Anyamata a nthaŵi imeneyo ndiwo agogo a lero, ndipo ambiri amati njira amaidziŵa. Komatu pali kusiyana. Wa Wenela ankapeza zonse zitakonzedwa: mapepala, ndege, pogona ndi chakudya. Wa selefu ankadalira miyendo yake yolimba ndi malire amene sankalondedwa kwambiri. Wachikulire wa lero alibe kampani yomusamalira, ndipo miyendo ija idatopa. Chimene ali nacho, chimene wachinyamata wa pa ntchito alibe, ndicho nthaŵi. Iye saŵerengeredwa masiku a tchuthi ndi bwana aliyense. Ulendo wotsika mtengo umagulidwa ndi nthaŵi imeneyi.

Phindu loyamba la nthaŵi ndi kusankha nyengo. Kwa mlimi wa ku Nkhotakota ndalama zimaoneka mpunga ukakololedwa, cha m'miyezi ya May ndi June, ndipo mtima umafuna kunyamuka pomwepo. Koma imeneyi ndi nyengo ya chisanu kumwera. Munthu amene adazoloŵera kutentha kwa m'mbali mwa nyanja amavutika kwambiri ku Johannesburg, mzinda umene uli pamtunda wokwera mamita oposa 1,700, kumene madzi amatha kuundana usiku m'miyezi ya June ndi July. Pa nyanja napo imeneyi ndiyo nyengo ya mwera. Mwezi wa December uli ndi vuto lake: mabasi amadzaza, mitengo imakwera, ndipo pa chipata cha Beitbridge anthu amaima pa mzere maola ochuluka. Wanzeru amasunga ndalama za mpunga zija, n'kunyamuka kunja kukayamba kufunda, chikondwerero cha Khirisimasi chisanayandikire.

Pa mapepala sipofunika kuumira. Mmalaŵi amene akukacheza kwa masiku oŵerengeka ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania kapena South Africa safunika viza, koma amafunika pasipoti yeniyeni. Imeneyi imatengedwa ku ofesi za Immigration, monga za ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo wofunsirayo amaonetsa chiphaso chaunzika chimene Amalaŵi adayamba kulandira mu 2017. Pasipoti simatuluka tsiku limodzi, choncho ntchito imeneyi iyenera kuyamba miyezi ingapo ulendo usanafike. Amene ali nayo kale aone tsiku limene idzathere ntchito, ndiponso ngati masamba opanda chidindo alipo okwanira. Pali anthu amene amalonjeza kuolotsa munthu mopanda mapepala pa mtengo wotsika. Njira yawo imadutsa m'tchire ndi mumtsinje wa Limpopo, ndipo ngakhale anyamata amphamvu adasiya miyoyo yawo m'menemo. Wachikulire asayese n'komwe.

Njira zotulukira m'dziko lino kuchokera ku Nkhotakota zilipo zinayi. Ya kumwera imayamba ndi msewu wa M5 kupita ku Salima, kenaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Basi yochokera kumeneko imatulukira pa Dedza n'kuloŵa m'Mozambique pa Calomue, pamene yochokera ku Blantyre imatulukira pa Mwanza n'kuloŵera pa Zobue. Zonse zimaoloka Zambezi ku Tete, zimatuluka pa Cuchamano, zimaloŵa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kudutsa ku Harare mpaka ku Beitbridge. Wopita ku Johannesburg amadinditsa pasipoti yake kasanu n'kamodzi popita ndi kasanu n'kamodzi pobwerera, ndipo amakhala m'basi pafupifupi masiku aŵiri. Pachipata chilichonse amatsika, n'kuima pa mzere, n'kuonetsa nkhope yake kwa wodinda. Asalole kuti munthu wina apite ndi pasipotiyo kumene iye sakuiona.

Njira ya kumadzulo ndi yaifupi: kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, kuloŵa m'Zambia pa Mwami, n'kufika ku Chipata kumene chiyankhulo n'chimodzi ndi cha kuno. Kwa munthu amene sadatulukepo m'dziko, ulendo umenewu ndi woyenera kuyambira. Njira ya kumpoto imatsata nyanja kudzera ku Dwangwa ndi Nkhata Bay, n'kukwera ku Mzuzu, n'kutsikira ku Karonga mpaka pa mlatho wa Songwe. Kutsidya kuli Tanzania, kumene mawotchi ali patsogolo ndi ola limodzi, chinthu chimene chasiyitsa anthu ambiri basi. Ku Mbeya kumadutsa njanji ya TAZARA, imene idamangidwa ndi chithandizo cha dziko la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo ndi yaitali makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam. Sitima imachedwa, ndipo nthaŵi zina imaleka kuyenda, koma ikakhala ikuyenda imapatsa wachikulire mpata wotambasula miyendo ndi wogona, umene basi ilibe. Ku Dar es Salaam ndiko kumakwereredwa sitima za pamadzi zopita ku Zanzibar.

Njira yachinayi ndiyo nyanja yeniyeniyo. Sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda mu 1951, yanyamula mibadwo ingapo ya anthu pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba. Pa Nkhotakota inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatengedwa ndi mabwato aang'ono, ndipo kukwera kuchokera m'bwato logwedezeka ndi ntchito yofunika mawondo abwino. Ndondomeko ya madooko ake yakhala ikusintha, kotero wapaulendo afunse kaye asanamange katundu. Amene wafika pa Likoma watsala pang'ono kuponda Mozambique, chifukwa Cobue ali pafupi kwambiri, ndipo kumwera kwake kuli Metangula, kumene kumayambira msewu wa ku Lichinga. Anthu a m'mbali imeneyo amayankhula Chinyanja. Ngakhale zili choncho, malire ndi malire: chidindo chotulukira ndi choloŵera n'zofunika, ngakhale kutsidyako kuli abale a magazi amodzi.

Tsono za ndalama. Kwacha ya Malaŵi siigula kanthu munthu akangopitirira pang'ono chipata. Ku Mozambique kuli metikali, ku South Africa randi, ku Tanzania shilingi, ku Zambia kwacha yawoyawo, ndipo ku Zimbabwe dola ya ku America imagwira ntchito pamodzi ndi ndalama ya ZiG imene idayamba mu 2024. Amene akusunga ndalama kwa zaka zingapo akumbukire kuti kwacha imatsika mphamvu. Mu November 2023 idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. N'chifukwa chake kuli bwino kusandutsa ndalama kukhala zinthu za ulendo msanga: pasipoti choyamba, kenaka tikiti. Kusintha ndalama kuchitikire ku banki kapena ku malo ovomerezeka. Osintha a m'misewu ya pa malire ali ndi manja othamanga kuposa maso a munthu wotopa amene sadazoloŵere ndalama zachilendo. Ndalama zigaŵidwe patatu: zochepa m'thumba la pafupi, zina m'kati mwa zovala, ndipo zina zisiyidwe kwa munthu wodalirika kumudzi, amene angathe kuzitumiza kudzera ku makampani otumiza ndalama monga Mukuru zinthu zikavuta.

Pali malo ambiri oyenera kuumirapo. Kamba wochokera kunyumba, monga mtedza wokazinga, mbatata yootcha ndi chinangwa chophika, amapulumutsa ndalama zambiri, ngakhale kuti zakudya zina zaziŵisi ndi mbewu zimaletsedwa pa malire. Katundu akhale wochepa, woti mwiniwake n'kumunyamula yekha, chifukwa thumba lililonse loonjezera limafuna wonyamula ndi malipiro ake. Kugona kwa abale, kapena kwa anthu a mpingo ndi a mzikiti amene adalemberedwa kalata pasadakhale, kumachotsa mtengo wa nyumba ya alendo. Koma tikiti yobwerera siyenera kudikira. Akuluakulu ambiri adanyamuka ndi ya popita yokha, podalira kuti mwana akalipira yobwerera, n'kukapeza mwanayo ntchito idamuthera ndipo ankachita manyazi kunena.

Thupi nalo lili ndi zofuna zake. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena otalikitsa moyo, apite kuchipatala asananyamuke, afotokoze za ulendo wake, ndipo atenge okwanira masiku onse ndi ena apadera. Mankhwalawo pamodzi ndi buku la kuchipatala akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Kukhala malo amodzi maola ambiri kumatupitsa miyendo, ndipo nthaŵi zina magazi amaundana m'mitsempha. Basi ikaima, wachikulire atsike ndi kuyendayenda. Ambiri amakana kumwa madzi poopa kuvutitsa dalaivala, koma m'chigwa chotentha cha Tete kuchita zimenezi n'kudziputira matenda. Chinanso ndi malungo. Munthu angathe kunyamuka ku Nkhotakota tizilombo tili kale m'magazi, n'kukadwalira ku Johannesburg kumene matendaŵa saoneka kaŵirikaŵiri. Thupi likatentha, auze dokotala msanga kuti akuchokera kunyanja ya Malaŵi.

Cholakwa chimene chimagwetsa anthu ambiri ndicho kusaŵerenga chidindo. Wodinda amalemba tsiku limene mlendo ayenera kukhala atatuluka. Ku South Africa Mmalaŵi amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo malinga ndi malamulo a mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kuloŵanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu. Kwa gogo wa zaka 70, zaka zisanu zingatanthauze kusadzaonanso zidzukulu. Amene maso ake saona bwino, kapena sadziŵa kuŵerenga, apemphe wodindayo kuti amuuze tsikulo pakamwa. Safunsa adadya phula.

Woyenda yekha ayeneranso kukhala ndi pothaŵira. Lamya ya m'manja imatha moto, imabedwa, ndipo nambala ya kuno siigwira paliponse. Choncho dzina la womulandira, kumene amakhala ndi nambala yake zilembedwe papepala kaŵiri, limodzi m'thumba, lina m'chikwama. Ndi bwino kusankha basi yofika masana, ndipo womulandira akapanda kuoneka, mlendo akhale m'kati mwa siteshoni, asatsate munthu aliyense chifukwa chongomva kuti akuyankhula Chicheŵa. Dziko lino lili ndi ofesi za akazembe ku Lusaka, Harare, Maputo, Tete, Pretoria, Johannesburg ndi Dar es Salaam, ndipo wotaya pasipoti amathandizidwa kumeneko. Masiku oyandikira ulendo ndi ofunika kutchera khutu ku wailesi. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo adazunzidwa ku South Africa ndipo Amalaŵi ambiri adabwerera kwawo chimanjamanja. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zidasokoneza misewu ya ku Mozambique. Chakudza sichiimba ng'oma, koma amene ali ndi nthaŵi angathe kudikira kuti fumbi lichite bata.

Ulendo umodzi wokha suloŵa m'malangizo aŵa, ndiwo wa Haji ku Mecca, umene Asilamu ambiri a ku Nkhotakota amaulakalaka akakula. Umenewu umakonzedwa m'magulu, motsata chiŵerengero chimene dziko la Saudi Arabia limapereka, ndipo chipembedzo chenichenicho chimaulamula kwa yekhayo amene ali ndi mphamvu ndi chuma chokwanira.

Kwa ena onse muyeso ndi womwewo. Amene ali ndi pasipoti yabwino, tikiti yobwerera, mankhwala ake ndi munthu wodziŵika womudikira, angathe kudya chinangwa chozizira njira yonse n'kukafika bwino. Amene akusoŵa chimodzi mwa zinayizi adikire mpunga wa chaka chamaŵa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiko chuma chimene ukalamba umapereka kwaulere.