Timapepala Topimira Matenda a Nkhumba ndi Chuku cha Mtedza

Biosensor ndi kachipangizo kozindikira matenda pogwiritsa ntchito kanthu kochokera m'thupi la zamoyo, makamaka maantibodi, omwe amagwira kachilombo kamtundu umodzi wokha. Akakagwira, kachipangizoko kamaonetsa chizindikiro chooneka ndi maso. Kopimira malungo kuchipatala kamagwira ntchito chimodzimodzi. Dontho la magazi limayenda m'kapepala, n'kukumana ndi maantibodi omatidwa ku tinjere ta golide. Kachilombo kakakhalamo, tinjereto timaunjikana n'kujambula mzere wofiirira. Pamakhalanso mzere wina womwe umangotsimikiza kuti kapepalako n'kabwinobwino.

Kwa oweta nkhumba a ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi, phindu lalikulu la timapepala totere ndi nthawi. Chigodola cha nkhumba chinalembedwa koyamba m'Zambia mu 1912 kudera la Chipata, ndipo sichinachokemo m'chigawo cha Kum'mawa. Chilibe mankhwala ochiza. Chimafala kudzera m'nyama, m'zotsala za chakudya ndi mwa nkhufi zobisala m'ming'alu ya khola. Magazi akatumizidwa ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, pafupi ndi Lusaka, amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Podikira yankho, mwini khola amakhala atapha kale nkhumba zodwalazo n'kugulitsa nyama pamsika. Kapepala kopimira pakhola pomwepo kamayankha m'mphindi zosakwana 20, alangizi a ziweto n'kutseka khola tsiku lomwelo.

Nkhani ya masese, timatuza ta m'nyama ya nkhumba, ndiyo ikuphunzitsa zambiri. Ogula nkhumba amaigwetsa pansi, kuikanula kukamwa ndi mtengo, n'kupapasa pansi pa lilime kufuna timatuza. Njirayi imaphonya nkhumba zomwe zili ndi masese ochepa. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino amakhala ndi njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium, ndipo mazira a njokayo akamezedwa ndi munthu amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Ofufuza a University of Zambia ndi Ghent University ya ku Belgium, pa ntchito yotchedwa SOLID, anayesa kapepala kopimira anthu matendawa m'midzi yozungulira chipatala cha Mtandaza ku Sinda. Kanali kosavuta kugwiritsa ntchito, koma kanaphonya ambiri mwa omwe anali ndi matendawo. Zotsatira zoterezi n'zofunika, chifukwa chipangizo chopambana mu labotale chiyenera kuyesedwanso kumudzi.

Ku mbewu, timapepala tofanana timapima aflatoxin, poizoni wa chuku chomwe chimamera mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndipo poizoniyu amayambitsa khansa ya chiwindi. Mtedza umasinjidwa, kusakanizidwa ndi madzi a mankhwala, kapepala n'kuviikidwamo.

Timapepalati timaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo tili ndi tsiku lothera ntchito. Kapepala kakaonetsa chigodola, khola litsekedwe msanga. Kakapanda kuonetsa koma nkhumba zikupitiriza kufa, magazi ayenerabe kupita ku labotale.