Nyali ya DPF ikayaka pa dashibodi

Mtedza ndi soya zikayamba kutuluka m'minda ya ku Mkanda ndi ku Kapiri, malole ang'onoang'ono a Canter, Dyna ndi Isuzu Elf sapuma. Ambiri anagwirapo kale ntchito ku Japan asanatsike pa doko la Dar es Salaam, ndipo anapangidwira misewu yosalala ndi dizilo woyera kwambiri. Kuno ntchito yake ndi ina: kuyenda pang'ono, kuima pa sikelo ya venda, kudikira matumba asokedwe injini ikulira, kenako kukwawa m'fumbi pa giya yachiwiri. Mayendedwe amenewa ndi amene amayatsa kanyali kachikasu ka DPF kamene madalaivala ena amangokamata ndi tepi yakuda.

Mitundu ya nyali za pa dashibodi njosavuta kuisunga pamtima. Yobiriwira ndi yabuluu zimangokudziwitsani kuti chinachake chikugwira ntchito. Yachikasu ikutanthauza kuti vuto lilipo koma mungathe kufika kugalaja. Yofiira ndiyo yoimitsa galimoto pomwepo, makamaka ya kachitini ka oyilo ndi ya kutentha kwa injini, chifukwa mphindi zochepa zimakwana kuti injini igwirane. Pa galimoto ya dizilo pali zina ziwiri. Kawaya kopotana kamayaka mukatembenuza kiyi n'kuzima injini isanalire, ndipo m'mawa wozizira wa Juni muyenera kukadikira. Inayo ndi ya madzi mu fyuluta ya dizilo: ikayaka, masulani kampopi ka pansi pa fyulutayo madziwo atuluke asanadye pampu ndi mainjekita.

DPF ndi sefa yomangidwa pa paipi ya ekizozi. Kunja ndi chitini chachitsulo, mkati muli chinthu chowumbidwa chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Bowo lililonse n'lotseka mbali imodzi, choncho utsi umakakamizika kudutsa m'zipupa zake, mwaye n'kutsalira. Ku Ulaya malamulo a Euro 5 a mu 2009 anachititsa kuti pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ya dizilo ikhale nayo, ndipo mzinda wa Tokyo unali utaletsa kale malole ofuka utsi mu 2003. Pa malole a Isuzu mudzaona palembedwa DPD, pa Hino ndi Toyota DPR, koma chinthucho n'chimodzi.

Sefayi imadziyeretsa yokha powotcha mwayewo, ndipo kuti mwaye upse pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kompyuta ya galimoto imayeza mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa sefa. Ikaona kuti mpweya ukuvutika kudutsa, imathira dizilo wowonjezera kuti ekizozi itenthe kwambiri. Dalaivala watcheru amamva: injini imalira mokwererako, mafani amazungulira kwambiri, ndipo pamamveka kafungo ka chitsulo chotentha. Ntchitoyi imafuna mphindi 15 mpaka 20 injini isanazimitsidwe. Munthu amene tsiku lonse amangoyenda makilomita 12 a pakati pa Mchinji boma ndi chipata cha Mwami, n'kukaima pa mzere wa mapepala, amaidula pakati tsiku ndi tsiku osadziwa.

Mankhwala oyamba sagulidwa. Nyali ikangoyaka, onani kuti m'thanki muli dizilo wokwanira, poti magalimoto ambiri sayamba kuwotcha mafuta akachepa. Lowani mumsewu wa M12 wopita ku Lilongwe, muyende mosaima pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola pamene msewu ukulola. Kawirikawiri nyali imazima yokha. Malole a ku Japan ali ndi batani lakelake: nyali ikamaphethira, imikani lole, ikani giya pa fulii, kokani handibuleki, dinani batanilo n'kudikira mpaka izime. Musachitire zimenezi pa udzu wouma, pa makoko a mtedza kapena pafupi ndi shedi ya fodya. Utsi wotuluka nthawi imeneyo ungathe kuyatsa moto.

Mukanyalanyaza nyali ya DPF, nyali ya injini nayo imayaka ndipo galimoto imafooka dala pofuna kudziteteza. Apa mpofunika makaniko woika galimoto pa kompyuta kudzera pa soketi ya timabowo 16 ya pansi pa chiwongolero. Nambala ya P2463 imanena kuti mwaye wachuluka, P2002 kuti sefa sikugwira bwino. Koma nambala imangoloza kumene vuto laonekera, sinena chimene chalibweretsa. Makaniko wongofufuta nambala n'kulandira ndalama sanakonze kanthu. Wodziwa ntchito amayamba ndi timapaipi tiwiri ta labala topita ku sensa yoyeza mphamvu ya utsi, chifukwa kamodzi kakang'ambika kompyuta imanamizidwa, sefa ili bwinobwino. Amatsegula fyuluta ya mpweya, yomwe m'fumbi la Seputembala imatsekeka msanga. Amayang'ana valavu ya EGR, mainjekita odontha ndi mapaipi a tabo. Amasololanso kachitsulo koyezera oyilo: oyilo akamakwera m'malo motsika, n'kumanunkha dizilo, ndiye kuti kuwotcha kwakhala kukulephereka ndipo dizilo akutsikira m'sampu. Oyilo wotero ngwotaya tsiku lomwelo.

Nkhani ya mafuta njowawa. Kuyambira mu 2017 Malawi amaitanitsa dizilo wa salufa wosaposa 50 ppm, pomwe ku Ulaya ndi ku Japan malire ndi 10 ppm. Sefa zambiri zimapirira dizilo wa pa filing'i. Chimene sizipirira ndi wa m'zigubu amene anthu amathamangira mafuta akasowa, wosakanizidwa ndi palafini, madzi ndi litsiro. Oyilo nayenso ali ndi mbali yake. Wamba amasiya phulusa m'sefa, ndipo phulusa silipsa ngakhale muyende mpaka ku Blantyre. Pa chigubu cha oyilo funani zilembo ACEA C3, kapena JASO DH-2 ngati ndi lole ya ku Japan, malinga ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Sefa yodzaza phulusa imachita kuchotsedwa n'kukatsukidwa ndi makina.

Ambiri akatopa amasankha kuboola sefa ndi chitsulo, n'kulipira wina kuti asinthe pulogalamu ya kompyuta. Ndikuwamvetsa, chifukwa sefa yatsopano njodula ndipo lole yoima pa nyengo yokolola ndi ngongole. Koma sindingawayamikire. Injekita yodontha imene inatseka sefa imakhala ikadalipo, tsopano popanda nyali yoti ichenjeze, ndipo imapitiriza kudya mafuta ndi injini. Utsi umene sefa inkagwira, umene mu 2012 akatswiri a khansa a bungwe la WHO anauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, umakathera m'mapapo mwa aganyu okweza matumba kumbuyo kwa loleyo ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu pa Kamwendo.