Cipinda ca alendo monga ca ku Alps? Katundu wake ali pa Kapata pompano

Tikambe zoona. M'nyumba zambili mu Chipata muli cipinda cimene timati ndi ca alendo, koma tsegulani citseko muone: matumba a cimanga, njinga yopanda cheni, TV yakufa, makatoni a nsapato za ana. Foni ikangolila kuti apongozi akwela basi ku Intercity, nyumba yonse imasanduka nkhondo. Wina asesa, wina athamangila kwa aneba kukabweleka bulangeti, wina apita kwa a kaloba kuti agule makatani onyezimila amene anaona pa Facebook.

Pakati pa zithunzi zimene zikuzungulila m'mafoni masiku ano pali zipinda za m'nyumba za alendo za kumapili a Alps ku Ulaya: makoma a matabwa, bedi yolimba ya mtengo, nsalu za mabokosi-mabokosi ofiila ndi oyela, kabati yojambulidwa maluwa. Munthu ukaona umati izi n'za azungu a ndalama. Iyayi. Kakonzedwe kameneka kanacokela kwa alimi a kumudzi amene anali kugwilitsila nchito zinthu za pakhomo pawo. Ndiye cinsinsi cake, ndipo cinsinsi cimeneci cimagwila bwino ku Kapata, ku Mchini, ku Navutika ngakhale ku Kalongwezi.

Kumene zinacokela

Mapili a Alps anadutsa m'maiko 8, ndipo ena mwa iwo ndi Switzerland, Austria, Italy, France ndi Germany. Phili lalitali kwambili kumeneko, Mont Blanc, limapitilila mamita 4,800. Kuzizila kwake si kwa June wathu uyu: cipale cimatseka njila kwa miyezi. Kale munthu wa paulendo akasowa pogona anali kufela panjila. N'cifukwa cake pampata wa Great St Bernard, pakati pa Switzerland ndi Italy, pali nyumba yolandila apaulendo imene inayamba ca m'ma 1050, ndipo mpaka lelo ikali kulandila anthu.

M'madela monga Tyrol ndi Bavaria, nyumba ya alendo ya kumudzi amaicha Gasthof. Ciliconse m'cipinda cake cinali ndi cifukwa. Makoma anawakuta ndi matabwa a paini kuti asunge kutentha, ndipo paini ndiye anali kumela kuseli kwa nyumba. Mawindo anali aang'ono kuti mphepo isalowe. Zofunda anali kudzazamo nthenga za mbalame zoweta, nsalu anali kuluka okha, mabulangeti anali a ubweya wa nkhosa zawo. Makabati ndi mabokosi anali kuwapenta maluwa cifukwa mtengo wake unali wamba, wochipa, ndipo nthawi zambili anali katundu wa mkwatibwi, wolembedwa dzina ndi caka ca ukwati.

Mwaona? Palibe cimene anaitanitsa kunja. Manje ngati inu mugula pepala la pulasitiki lojambulidwa matabwa n'kumata pakhoma, mwatenga cithunzi cabe, nzelu mwaisiya. Nzelu yake ndi iyi: mtengo weniweni, nsalu zocepa koma zabwino, zinthu zopangidwa ndi manja a anthu a kwanu, ndiponso mlendo agone mofunda ndi mosatekeseka.

Yambani ndi kucotsa, osati kugula

Tsiku loyamba musatulutse ngakhale ngwee. Tulutsani katundu yense panja. Cimanga cipeze malo ena, cifukwa cimaitana makoswe ndi anankafumbwe, ndipo fungo la mankhwala osungila cimanga si logona nalo munthu. Mukasesa, yang'anani m'makona ngati muli njila za ciswe, onani malata ngati adontha, tsekani ming'alu ndi simenti. Ngati nyumba ndi ya lendi, kambani ndi alandilodi musanakhome msomali kapena kupenta.

Makoma a nyumba za kumidzi ya ku Alps, pamene palibe matabwa, amakhala oyela, opakidwa laimu. Ife laimu timamudziwa kale. Vuto lake amatsalila pazovala munthu akatsamila, conco ngati thumba lilola, gulani penti ya madzi yoyela kapena yofanana ndi mkaka. Mtundu umodzi cabe. Cipinda cacing'ono copentedwa pinki uku, gilini uku, cimaoneka monga shopu ya maswiti. Pansi ngati ndi simenti yofiila ija, musacite nayo manyazi. Ikani kobula, pukutani mpaka iwale. Imagwilizana ndi mtengo kuposa matailosi oyela otelela.

Bedi ndiye mfumu ya cipinda

Ngati pali cinthu cimodzi coyenela kuonongelapo ndalama, ndi bedi ndi matilesi. Munthu amene wakhala pampando wa basi mtunda wopitilila makilomita 550 kucokela ku Lusaka sasamala za maluwa a pulasitiki. Afuna msana upumule.

Pitani kwa kalipentala wa m'komboni mwanu, mumuuze kuti mufuna bedi yosacita mbwee ndi zokongoletsa: miyendo yokhuthala, thabwa lakumutu lalitali pang'ono, popanda magalasi kapena nsalu yonyezimila. Ku Alps amanyadila mtengo wawo wonunkhila wochedwa Zirbe, umene umamela pamwamba kwambili m'mapili. Ife tili ndi mlombwa, umene ena amati mukwa: ndi wokongola, supindika-pindika ukauma, ndipo ciswe siciukonda. Koma ndi wodula, ndipo ukucepa m'nkhalango, conco funsani ngati matabwa ake anagulidwa mwalamulo. Paini ndi malaina n'zochipilapo, ndipo paini ndiye amapeleka maonekedwe oyela okhala ndi mfundo amene mumaona pazithunzi zija. Ingokumbukilani kuti paini ciswe cimamudya, ndiye apakidwe mankhwala, ndipo bedi isagunde khoma lacinyontho.

Zinthu ziwili muumilile kwa kalipentala. Coyamba, matabwa akhale ouma. Thabwa laliwisi limang'ambika ndi kupotoka, ndipo pakapita miyezi yocepa bedi imayamba kulila usiku wonse. Caciwili, asabise mtengo ndi penti yakuda bii. Apake vanishi yoonekela mkati kuti mizele ya mtengo ioneke. Mukagula bedi yakale, unikani m'malumikizo ndi tochi. Timadontho takuda ndi cizindikilo ca nsikidzi.

Ngati ndalama ikwana, muonjeze bokosi la matabwa loika kumiyendo kwa bedi. Mkati musunga mabulangeti, pamwamba mlendo akhalapo povala nsapato. Pezani mnyamata wolemba zikwangwani za mashopu ajambulepo maluwa, kapena nsawawa ndi mpendadzuwa za kuno kwathu, alembenso dzina la banja ndi caka. Ndi zomwezo zimene alimi a ku Tyrol anali kucita.

Nsalu: ziwili zokwana

Apa ndi pamene ambili timalakwitsa. Makatani a golide, bedikava ya nyalugwe, mapilo asanu ndi atatu, ciliconse cikukuwa. Cipinda ca ku Alps cimakhala ndi mitundu iwili kapena itatu cabe: woyela, mtundu wa mtengo, ndi umodzi wowala monga wofiila kapena wobiliwila.

Mashiti akhale oyela, a thonje, cifukwa thonje limamwa thukuta. Makatani ndi mapilo awili sokani ndi nsalu imodzi. Ku Down Shops mungapeze nsalu ya mabokosi-mabokosi ija yofanana ndi ya mayunifomu a sukulu, ndipo telala aliyense pa msika angaisoke tsiku limodzi. Ngati simuifuna, tengani citenje cimodzi ca mitundu yosaposa itatu, cabwino kwambili. Pewani ca cipani, cifukwa simudziwa mlendo wanu amavotela ndani. Amene amafika ku Mfuwe akudziwa nsalu zopentedwa pamanja za ku Tribal Textiles. Si zochipa, koma kansalu kamodzi kopacika pakhoma kakwanila cipinda conse.

Makatani aikidwe nsalu ina kumbuyo kuti munthu wa panja asaone mkati nyali ikayaka. Pa salaula pamapezeka mabulangeti a ubweya weniweni ndi maduveti ocokela ku Ulaya komweko. Musanayale, capani ndi madzi otentha, muyanike padzuwa tsiku lathunthu. Chipata ili pakati pa mapili, June ndi July kumazizila zedi, koma October amaocha. Conco sungani zofunda ziwili: colemela ca m'nyengo yozizila ndi citenje copepuka ca m'nyengo yotentha.

Zokongoletsa za kwathu

Kumeneko amapacika mabelu a ng'ombe ndi nyanga za nyama pakhoma, cifukwa ndiwo moyo wawo. Ife tisapite kutali. Mphasa ya bango kapena mkeka wa mlaza pambali pa bedi umateteza mapazi kusimenti yozizila m'mawa. Malicelo atatu a nsungwi osiyana kukula, opacikidwa pamwamba pa bedi, amaoneka bwino kuposa cithunzi ca mathithi a dziko limene simunafikeko. Dengu monga aja ogulitsidwa pa Luangwa Bridge lingakhale loikamo zovala zakuda. Mtsuko wadothi pakona, kampando kosema, cikopa ca ng'ombe cofufutidwa bwino: dziko la Angoni lino, ng'ombe ndi kwawo.

Koma cenjelani ndi zikopa kapena nyanga za nyama zakuchile. Lamulo la zanyama la 2015 limafuna cilolezo kuti munthu asunge zimenezo, ndipo South Luangwa ili pafupi, nkhani zake sizicedwa. Musalowe m'selo cifukwa ca kukongoletsa khoma.

Mbaula isalowe, neti isasowe

Ici ndiye cofunika kuposa zonse. Nyumba zakale za ku Alps zinali ndi ng'anjo yaikulu yomatidwa matailosi, ndipo nthawi zambili nkhuni anali kuponyela kukhichini kapena m'khonde, kuti m'cipinda mufike kutentha kokha popanda utsi. Ife timatenga mbaula n'kuiika pafupi ndi bedi, titseka windo, ati tikucitila mlendo cifundo. Makala akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha. Munthu amangogona osadzukanso. Ngati kwazizila, onjezani bulangeti, kapena patsani mlendo botolo la madzi otentha lotsekedwa bwino, lokulungidwa m'nsalu.

Cinthu cina cimene simudzaona pazithunzi za ku Alps ndi neti, cifukwa kumeneko kulibe malungo. Kuno aliko. Mlendo wocokela kumalo kumene malungo ndi ocepa amadwala msanga. Uzani kalipentala aike mitengo inayi m'makona a bedi kuti neti iime bwino monga kanyumba, ndipo bedi idzaoneka yapamwamba. Neti yatsopano ya mankhwala iyambe yayanikidwa pamthunzi tsiku limodzi.

Malaiti nawonso sitingawadalile, tonse tikumbuka mdima wa 2024. Ikani kanyali ka sola pafupi ndi pilo, pamene dzanja lifika mumdima, ndi soketi yochajila foni imene igwila nchito.

Ulemu uli m'tinthu tating'ono

Apongozi sangakuuzeni kuti citseko sicitsekeka. Adzangokhala maso usiku wonse, mawa n'kunena kuti agona bwino. Conco ikani kaloko ka mkati. Khomani tomangilila zovala tutatu kuseli kwa citseko, kagalasi pakhoma, mpando umodzi. Pathebulo pakhale jagi ya madzi akumwa yovundikila ndi kapu. Thaulo, sopo watsopano ndi mapatapata zikhale poonekela, kuti munthu wamkulu asacite kupempha kwa mkamwini kapena mtengwa. Ngati cimbudzi cili panja, muwaonetse njila kukali kowala ndi kuwasiyila tochi.

Cipinda cotele cingabweletsenso kandalama. Kumapeto kwa February, pa Nc'wala ku Mtenguleni, malo ogona mu Chipata amadzaza. Kumapeto kwa August, Kulamba ku Mkaika kumasonkhanitsa Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique. Onjezani amalonda odutsa pa Mwami ndi apaulendo opita ku Mfuwe. Koma kulandila m'bale ndi kucita bizinesi n'zosiyana. Ngati mufuna kulipilitsa anthu ogona, yambani mwafunsa ku khonsolo ndi ku Zambia Tourism Agency za malaisensi.

Musacite zonse mwezi umodzi, ndipo musatenge kaloba cifukwa ca makatani. Mwezi uno penti ndi kobula, wamawa bedi, winawo nsalu. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma zimene waona m'nyumba mwanu amapita nazo kumudzi. Njila yodziwila ngati mwatha nchito ndi yosavuta: gonanimo inu eni ake usiku umodzi. Cimene cidzakusowetsani tulo, cikonzeni basi ya apongozi isanafike.